Mwana wothamanga akamasankha yunivesite

Ana a ku Machinga ndi Balaka amakula akuyenda mitunda italiitali popita kusukulu, choncho sitidabwa ena akamapambana mipikisano yothamanga. Nkhani imavuta akafika Fomu 4, makochi akayamba kuwakopa ndi malonjezo.

Makolo, yambani ndi Sabata. Mipikisano yambiri kuno imachitika Loweruka. Kochi amene akufuna mwana wanu anene poyera, makamaka polemba, ngati adzamulola kupuma kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa.

Tikumbukenso kuti miyendo yokha siilowetsa munthu ku yunivesite ya boma. A NCHE amafuna makirediti 6 a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Ku MUST, ku Thyolo, kuli digiri ya sayansi ya zamasewero. Ku Malawi Adventist University, ku Lakeview m'boma la Ntcheu, Sabata sadzalivutikira, ngakhale fizi njokwererapo.

Chomwe ambiri sitifunsa ndi chakudya cha kuhositelo. Wothamanga makilomita ambiri amachepa magazi msanga, makamaka mtsikana, ndipo nsima ya kabichi tsiku ndi tsiku singamukwanire. Mlongedzereni nyemba, nandolo ndi chiponde. Msambo ukasiya kwa miyezi itatu, apite kuchipatala, ngakhale kochi atanena kuti n'chizindikiro choti walimba.