TIKAMBIRANE ZA KWATHU: Makantina akale angathe kukhala nyumba za alendo

Sabata ino tikambirane za nyumba zija timangozidutsa m'mbali mwa msewu osaziyang'ana kawiri. M'misewu yambiri ya m'chigawo cha Tete, kuphatikizapo yathu ino ya ku Maravia, muli zipupa za njerwa ndi simenti zomwe zidakali chiimire popanda denga. Mazenera adasanduka maenje, pakhonde pamagona mbuzi, ndipo pena mtengo udamera pakati penipeni pa chipinda.

Akuluakulu akudziwa kuti zambiri mwa nyumbazi zidali makantina a m'nthawi ya Apwitikizi. Kumeneko ndi kumene makolo athu ankagula mchere, sopo, nsalu ndi makasu, nagulitsa chimanga ndi mtedza. Nkhondo yomenyera ufulu idafika ku Tete mu 1968. Dziko litalandira ufulu pa 25 June 1975, eni makantina ambiri adachoka, ndipo sitolo zina boma lidazisandutsa Lojas do Povo. Kenaka kudabwera nkhondo yachiwiri ija idathamangitsa abale athu kupita ku Zambia, ena mpaka kukakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu adabwerera, koma adapeza malata atapita, zitseko zitapita, patangotsala makoma.

Papita zaka zoposa makumi atatu tsopano. Msewu wochokera ku Bene kudzera ku Fingoè mpaka ku Zumbo uli ndi anthu ake, ndipo njira zolowera kuno ku Malowera nazo sizigona. Amadutsa ogula chimanga, alangizi a fodya, ogula ng'ombe ndi mbuzi, aphunzitsi opita kukayamba ntchito, anamwino, ndi amayi a geni ochokera tsidya la Zambia. Dzuwa likawalowera, anthu onsewa amagona kuti? Ena amagona m'galimoto, ena pakhonde la sitolo, ena amagogoda kwa mfumu. Funso langa ndi lakuti: bwanji makoma aja osawafolera kuti akhale nyumba zogona alendo?

Maganizo amenewa si achilendo padziko. Ku America kuli anthu amene amagula nyumba zakale zogona alendo za m'mbali mwa msewu ndi kuzikonzanso. Nkhani yawo ili ndi zotiphunzitsa, zabwino ndi zoipa zomwe.

Kumeneko nyumba zotere amazitcha motel, kutanthauza hotela ya munthu woyenda pa galimoto. Yoyamba kudziwika ndi dzinali idatsegulidwa mu 1925 ku San Luis Obispo, m'chigawo cha California. Munthu ankaimika galimoto pakhomo penipeni pa chipinda chake, kugona, m'mawa n'kupitiriza ulendo. Zidachuluka kwambiri m'misewu ikuluikulu monga Route 66. Popeza zidali zambiri ndipo zonse zinkafanana, mwini aliyense ankafuna chinthu choti dalaivala atembenuze nacho khosi. Apa ndi pamene padalowa chimene amachitcha tiki.

Mu 1933 mkulu wina dzina lake Ernest Gantt, amene pambuyo pake adadzitcha Donn Beach, adatsegula bala ku Hollywood nalikongoletsa ndi nsungwi, maukonde a nsomba ndi zinthu zina zimene adatola m'maulendo ake a panyanja. Wina, Victor Bergeron, adachitanso chimodzimodzi ku Oakland ndi malo ake otchedwa Trader Vic's. Ankati munthu akalowamo azimva ngati wafika pa zilumba za Polynesia, m'nyanja yaikulu ya Pacific. Asilikali atabwerako ku nkhondo ya kunyanjako mu 1945, chidwi chidakula. Mu 1947 Thor Heyerdahl wa ku Norway adaoloka nyanjayo pa phaka lamitengo lotchedwa Kon-Tiki, ulendo wa masiku 101 kuchokera ku Peru, ndipo dzina la tiki lidamveka ponseponse. Zilumba za Hawaii zitakhala chigawo cha America mu 1959, mamotelo ambiri adamanga madenga osongoka, kuyatsa miyuni pakhomo, ndi kuimika zosema zikuluzikulu za maso otong'oka ndi mano pamtunda.

Koma zambiri mwa izi zidali zongopeka. Mowa umene ankagulitsamo udali wa nzimbe wochokera ku zilumba za Caribbean, zomwe zili kunyanja ina. Chakudya chambiri chidali chophikidwa mwachitchaina. Anthu a ku Polynesia enieniwo akadalowamo sakadazindikira kuti akunena kwawo.

Mamotelowo adagwa pa zifukwa ziwiri. Mu 1956 boma la America lidakhazikitsa lamulo lomanga misewu yatsopano yotakata, yolambalala timatauni tating'ono. Magalimoto adasiya kudutsa pakhomo, ndipo Route 66 idachotsedwa pa mndandanda wa misewu ya boma mu 1985. Chachiwiri, pofika m'zaka za m'ma 1970 anthu adatopa nazo za tiki, n'kumaziona ngati zachikale. Nyumba zambiri zidagumulidwa, zina zidasanduka mabwinja ngati makantina athuwa.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anthu ena adayambanso kuzilakalaka. Ku Palm Springs, motelo ina yomangidwa mu 1964, imene lero imatchedwa Caliente Tropics, idakonzedwanso n'kusunga maonekedwe ake akale. Ku Florida, malo odyera otchedwa Mai-Kai, omwe adatsegulidwa mu 1956, adatsekedwa mu 2020 denga litaonongeka, ndipo adatsegulidwanso mu 2024 atawakonza. Alendo amapitako dala kuti akaone zakalezo. Nyumba imene ena ankati igwetsedwe idayambanso kudyetsa anthu.

Tsono ife tiphunzirepo chiyani?

Choyamba, nyumba ya alendo mwini wake ndi msewu. Musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, khalani pansi pa mtengo kwa masabata angapo ndi kuwerenga magalimoto, njinga zamoto ndi anthu oyenda pansi. Funsani madalaivala kuti mdima umawapezera pati. Kumbukirani kuti kuno alendo amachuluka nthawi yogulitsa mbewu, ndipo mvula ikakula mitsinje imadzaza, njira zina n'kuduka. Ndalama za m'chilimwe ziyenera kukudyetsani mpaka dzinja. Pa chifukwa ichi yambani ndi zipinda ziwiri kapena zitatu. Zina mudzaonjezera mukaona mmene zikuyendera.

Chachiwiri, dziwani mwini bwinja. Safunsa adadya phula. M'dziko lino nthaka ndi ya boma, ndipo munthu amangokhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, umene pa Chipwitikizi amaufupikitsa kuti DUAT. Lamulo la malo la 1997 lidavomerezanso ufulu wa anthu a m'mudzi pa malo amene akhalapo mwa mwambo wawo. Choncho yambirani kwa amfumu, mupite ku posto, kenaka ku maofesi a boma ku Fingoè, mumve ngati nyumbayo ili m'manja mwa boma kapena ili ndi mwini. Komweko mufunsenso za chiphaso chochitira malonda. N'zomvetsa chisoni kufolera nyumba, kuika zitseko, kenaka kutulukira munthu ndi mapepala m'manja.

Chachitatu, samalani polowa m'bwinja. Dziko lathu lidalengeza mu 2015 kuti latha kuchotsa mabomba okwirira pansi m'malo onse odziwika, koma mukapeza chitsulo chachilendo polambula, musachigwire ndipo ana asachiyandikire. Kauzeni apolisi. Ngati patsala zidutswa za denga lija timalitcha lusalite, musazicheke kapena kuziphwanya, chifukwa fumbi lake lili ndi asibesitosi amene amaononga mapapo patapita zaka. Mmisiri wodziwa ntchito aone ming'alu ya zipupa. Mng'alu wotsika mpaka pa maziko ndi woopsa kuposa wa pulasitala, ndipo mizu ya mtengo womera mkati imatha kukankha khoma mwakachetechete.

Chachinayi, ndalama zoyamba zipite ku zinthu zimene mlendo amazifunadi. Denga losadontha. Chitseko chokhala ndi loko wabwino ndi mpiringidzo wa mkati. Chimbudzi chaukhondo chokhala ndi chivundikiro, chokumbidwa kumunsi kwa chitsime ndiponso patali mamita osachepera 30. Bafa lobisika bwino, madzi ofunda m'mawa, masikito osang'ambika pa bedi lililonse, ndi zofunda zochapa. Sola yaing'ono yoyatsira nyali ndi kutchajira mafoni imakoka alendo kuposa penti. Wamalonda amafunanso chipinda chotsekera katundu wake ndi mpanda wosungiramo njinga yamoto. Ngati mukufuna kugulitsa mowa, bala likhale patali ndi zipinda. Mayi amene wayenda tsiku lonse ndi mwana kumsana sangabwerenso pamalo pamene oledzera adagogoda chitseko chake usiku, ndipo adzauza anzake onse a pamsika. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: kunja kungawale bwanji, nsikidzi zikamuluma mlendo mbiri yanu yatha.

Izi zikatheka, pamenepo tingakambe zokongoletsa. Aamerika aja adachita bwino pa chinthu chimodzi, adadziwa kuti nyumba iyenera kukhala ndi nkhope yake kuti munthu aikumbukire. Ife sitisowa kukabwereka nkhope ku zilumba zimene sitidazionepo. Amayi athu amadziwa kuzira zipupa ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda, ndi kulembapo mizere yokoma. Tili ndi oluka mphasa, malichero ndi madengu, oumba mbiya ndi osema mipando. Chisakasa chofolera udzu pabwalo, chotalikirana ndi khitchini kuopa moto, chimapereka mthunzi wozizira kuposa malata. Mlendo apeze nsima ya mgaiwa, nkhuku yachikuda, nkhwani wotendera ndi thobwa. Zonsezi mukagula kwa anansi anu, ndalama imazungulira m'mudzi momwemo, ndipo mudzi wonse umasanduka mlonda wa nyumbayo.

Koma pali malire, ndipo apa ndipo pagona nkhani. Kwa Amaori a ku New Zealand, Tiki ndi dzina la munthu woyamba kulengedwa. Ku Hawaii zosema zija amazitcha ki'i, ndipo zinkaimira milungu yawo monga Ku ndi Lono, zikuima pa malo opembedzera. Zitafika ku America zidasanduka makapu omwera mowa ndi zikwangwani zoitanira makasitomala. Anthu ena a ku zilumbazo akhala akudandaula poyera kuti zopatulika za makolo awo zidasanduka choseweretsa cha oledzera. Amene adayamba malondawo sadapemphe kwa aliyense, ndipo phindu silidafike kwa eni mwambo.

Tsiku lina wina adzakuuzani kuti: "Achimwene, kuti alendo achuluke, kolekani nkhope za zilombo za gule pakhoma la bala." Mwina adzanenanso kuti muziitana gule Loweruka lililonse kuti azisangalatsa akumwa. Ganizani kawiri. Gule Wamkulu amatuluka pa maliro, pa chinamwali, pa mpalo ndi polonga ufumu. Ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo zakudambwe saulula. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidamulemekeza monga chuma cha anthu onse a padziko, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Chaka chilichonse kumapeto kwa August mafumu a Achewa a maiko atatuwa amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo likulu lakale la Undi, la ku Mano, lidali mbali ino ya Mozambique. Ife amene tili pafupi ndi gwero sitiyenera kukhala oyamba kutchipitsa mwambo.

Ena adzati: nanga ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi, si zilipo pakhoma? Zoona, ku nyumba yosungira zakale ya Chamare, pa malo a KuNgoni amene adayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, kuli zambiri. Koma kumeneko munthu amalowa kukaphunzira, ndipo pali womufotokozera tanthauzo lake. Pabala palibe wophunzira. Kumbukiraninso kuti nyumba ya alendo imalandira aliyense, wa mpingo, Msilamu, wolowa ndi wosalowa, mayi ndi mwana. Chinthu chimene chingakhumudwitse akuluakulu a kudambwe, n'kuthawitsanso a mpingo, chingakuthereni malonda mbali zonse ziwiri. Ngati mlendo wochokera kutali akufunitsitsa kuona gule, mperekezeni kwa amfumu, iwo ndi amene adzanene tsiku, malo ndi mwambo wake.

Pomaliza, ntchito yotere si ya munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano tikunena denga lenileni. Abale awiri kapena atatu, kaya gulu la amayi a chilimba, angathe kusonkherana, wina malata, wina njerwa, wina mphamvu zake. Chofunika ndi kulemba m'buku zimene aliyense waponya ndi mmene mudzagawanire phindu, amfumu ndi mboni ali pomwepo. Mulembenso mitengo poyera, ya metikali ndi ya kwacha, kuti pasakhale mkangano ndi alendo a kutsidya.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma kumene akupita amakanena za kumene adagona. Ngati kwanuko kuli kantina yakale imene anthu aikonza kale, kapena imene mukuganiza kuti ingakonzedwe, lemberani tsamba lino kuti anzathu a midzi ina amve mmene mudachitira. Tionane sabata yamawa.