KANEMA WA M'TAUNI, MALIRO A KUMUDZI

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Mliri wa Covid-19 utalowa m'Malawi mu Epulo 2020, akuluakulu a Boma ankaonekera pa wailesi ya kanema, nawerenga chiwerengero cha odwala ndi akufa. Ojambula ankathamangira nduna ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma ndi kangati anakwera ku Chitipa kapena kutsikira ku Nsanje kukaona chipatala cha kumudzi?

Kalembera wa 1 munthu aliyense wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 tikhala kumidzi, kumene nyumba zambiri zilibe magetsi. Tsono kanemayo ankayankhula ndi yani? Ankayankhula ndi a m'tauni! Ndipo kumene diso la kanema lipenya, nkomwenso Boma lipenya. Chithandizo cha K35,000 pamwezi anachikonzera mizinda inayi: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Kodi njala ya kumudzi si njala?

Musati zinapita. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700. Nthenda ina idzabweranso, ndipo pakadafunda padajiwitsa.

Chifukwa chake ife tifuna izi: uthenga wa mliri udzere pa wailesi, kwa mafumu ndi kwa alangizi a zaumoyo, m'chinenero cha dera lililonse, kaya Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, ndiponso atolankhani afike okha kumidzi, adzaone ndi maso awo.

Bwerani nonse ku msonkhano wa nthambi, tilembere phungu wathu kalata.

Ine wanu,
Mlembi wa Nthambi