Amayi akapita kuntchito, mbereko imatsalira yani?

Pa 8 Malichi chaka chilichonse maofesi m'Zambia amatseka, ndipo amayi a pa boma la Vubwi, monganso anzawo a ku Katete ndi ku Sinda, amavala chitenje chofanana n'kuguba padzuwa mpaka pamene akuluakulu akhala pamthunzi. Zolankhula za tsikulo sizisintha kwenikweni. Mayi amatamandidwa kuti ndi wolimba, kuti amatha zonse: kuphunzitsa ana a eni, kubaya odwala jakisoni, kulima, kuphika, kulera. Nthungululu zimamveka. Koma palibe amene amaima n'kufunsa kuti pamene mayiyu ali m'kalasi kuyambira 7 koloko mpaka masana, khanda lake limakhala pamsana pa yani.

Yankho aliyense akulidziwa, kungoti ndi lochititsa manyazi. Khandalo limakhala pamsana pa kamtsikana. Kawirikawiri ndi mwana wa mkulu wake kapena wa mlongo wake wa mayiyo, wa zaka 11 kapena 13, amene anamutenga kumudzi ndi lonjezo lakuti akaphunzira bwino pa boma. Iyeyu ndi amene amadzuka kusanache kukoleza mbaula, kutunga madzi pa mjigo, kuchapa matewera ndi kutonthoza mwana. Sukulu amapita ya masana atatopa kale, ndipo khanda likatentha thupi sapita n'komwe.

Anthu olemekezeka sakonda kumva zimenezi. Amati mtsikanayo akudya bwino, akugona pa matiresi, wagulidwa nsapato. Amatchulanso mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwo ulibe cholakwa, koma umanena za kudya naye mwanayo, osati kumudyera ubwana wake. Akanakhala wako yemwedi, bwenzi akulowa kalasi la m'mawa limodzi ndi amene unabereka wekha.

Komabe mlandu si wa mayi yekha ayi. Iye wagwira njakata. Alangizi a kutchalitchi ndi a pa wailesi amamuuza kuti azidzuka msanga, aziphikiratu ndiwo usiku, azikonza bwino nthawi yake, ngati kuti vuto ndi ulesi kapena kusadziwa kuwerenga wotchi. Mwana wa miyezi inayi sadikira belu la sukulu. Wina ayenera kumunyamula ola lililonse, ndipo dziko likakana kulipira munthu ameneyo, ntchitoyo imagwera amene alibe mawu pakhomo.

Kale Achewa anali ndi njira yawo. Pa chikamwini mwamuna ndi amene ankasamuka, mkazi n'kutsala pakati pa mbumba yake, pafupi ndi amayi ake, akulu ake ndi agogo. Wopita kudimba ankasiya mwana pakhomo loyandikana nalo popanda kupempha kawiri. Ntchito yolembedwa inasokoneza zimenezi. Vubwi inakhala boma payokha mu 2012 itapatulidwa ku Chadiza, chaka chomwecho Sinda inapatulidwa ku Katete ndi Petauke, ndipo maofesi atsopano anafuna anthu. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi azaumoyo oposa 11,000 m'dziko lonse, ambiri a iwo achinyamata a msinkhu wobereka, n'kuwatumiza kumene kunali kusowa. Zinali zofunika, palibe wotsutsa. Koma mphunzitsi wochokera ku Kitwe kapena ku Mongu akafika m'dera la Mfumu Pembamoyo, amapeza kalasi lodzaza ndi ana, nyumba mwina ilipo mwina ayi, ndipo agogo a mwana wake ali kutali ulendo wa masiku awiri. Mwamuna nayenso mwina ali pa ntchito m'chigawo china. Boma linasamutsa wantchito, mbumba yake linaisiya.

Lamulo linayesapo, ndipo ndi bwino kulipatsa ulemu wake. Employment Code Act ya 2019 inakweza tchuthi cha uchembere kuchoka pa masabata 12 kufika pa 14, ndipo wobereka mapasa amawonjezeredwa masabata 4. Mayi woyamwitsa ali ndi ola limodzi tsiku lililonse, kapena theka la ola kawiri, kwa miyezi 6 chibadwire mwana, osadulidwa malipiro. Mkazi aliyense wa pa ntchito ali ndi tsiku limodzi pa mwezi, lija amati Mother's Day, lopuma popanda kalata ya dokotala. Palinso masiku 7 pa chaka odwazika mwana, mkazi kapena mwamuna wako, ndi ena 3 a nkhani za sukulu ndi umoyo wa mwana.

Tsono tiwerenge. Achipatala, potsatira bungwe la WHO, amauza mayi aliyense kusikelo kuti ayamwitse mwakathithi kwa miyezi 6, amene ndi masabata 26. Lamulo limamupatsa 14, ndipo ena mwa iwo amatha asanachire. Masabata 12 kapena kuposerapo akutsala pabwalo. Ola loyamwitsa lija limathandiza mphunzitsi amene nyumba yake ili kuseri kwa kalasi. Namwino wogwira usiku pa chipatala chachikulu ngati cha St Francis ku Katete, chimene chakhala chikulandira odwala kuyambira 1948, sangasiye wodi n'kuthamangira kunyumba mumdima chifukwa lamulo lanena. Boma limodzi lomwelo likulankhula pakamwa pawiri: unduna wina ukuti yamwitsa, wina ukuti bwerera kuntchito.

Choipitsitsa chili pa ndalama. Malipiro onse a pa tchuthi amapita kwa amene wagwira ntchito miyezi 24 yosadukiza kwa bwana mmodzi, ndipo amachokera m'thumba la bwanayo. Mwini sitolo, malo ogona alendo kapena malo omwetsera mafuta m'mbali mwa msewu wa Great East ku Sinda amadziwa masamu. Akaona mtsikana wongokwatiwa kumene akufunsira ntchito, amaona masabata 14 olipira munthu amene palibe. Amalemba mnyamata, kapena amalemba mtsikanayo pa kontirakiti yaifupi yosafika zaka ziwiri. N'chifukwa chake pangano la bungwe la za ntchito padziko lonse (ILO) la chaka cha 2000 lokhudza uchembere limati ndalamazi zizichokera m'thumba la onse, la inshuwalansi kapena la boma. Zambia ikudziwa kale kachitidwe kake: bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA limadula 1 peresenti kwa wantchito ndi 1 peresenti kwa bwana mwezi uliwonse kuti odwala athandizidwe. Chimene chikuletsa kuchita chimodzimodzi pa uchembere ndi kusafuna basi.

Ndipo zonsezi zikukhudza ochepa. Anthu oposa 7 mwa 10 alionse ogwira ntchito m'Zambia sali pa ntchito yolembedwa, ndipo ku Vubwi, kumene moyo ndi chimanga, soya, mtedza, mpendadzuwa ndi fodya, mayi wamba sanaonepo fomu ya tchuthi. Wachira mu Disembala, pofika Januwale ali m'munda kupalira, chifukwa udzu sumva za chikuta. Wogulitsa tomato pamsika ku Katete akapuma tsiku limodzi, poto sakhala pamoto. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, chinawonjezera mtunda wa kumadzi ndi wa ku maganyu, ndipo mtunda umenewo anauyenda ndi amayi ndi ana awo aakazi.

Pali chinthu china chimene olemba mapulani ku Lusaka sanachiganizire. Maphunziro aulere atayamba mu Januwale 2022, ana anakhamukira kusukulu, ndipo zimenezo n'zonyaditsa. Koma mwana wa zaka 9 amene walowa m'kalasiyo ndi yemwe ankalera mng'ono wake wa zaka ziwiri. Makalasi a ana aang'ono amene analumikizidwa ku masukulu a pulayimale amalandira ana kuyambira zaka 3, ndiponso kwa maola ochepa am'mawa. Kuyambira miyezi itatu mpaka zaka zitatu palibe chilichonse. Mayi ayenera kusankha: khasu, kapena sukulu ya mwana wake wamkulu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osafika zaka 5 m'Zambia ndi opinimbira, ndiponso kuti m'chigawo cha Kum'mawa atsikana pafupifupi 4 mwa 10 a zaka 15 mpaka 19 anali atayamba kale kubereka. Manambala awiriwa amakambidwa m'misonkhano yosiyana, koma amakumana pakhonde limodzi, pamene mwana wojomba kusukulu akumwetsa khanda phala lozizira la m'mawa dzuwa lili paliwombo. Lamulo la 2023 loletsa ukwati uliwonse wa munthu wosafika zaka 18 ndi labwino, ngakhale kuti silingabwezere m'kalasi mtsikana amene watsalira maphunziro chifukwa cha mbereko.

Nanga abambo? Lamulo limawapatsa masiku 5 mwana akabadwa. Kutsidya kwa malire, ku Mchinji, lamulo la Malawi lokonzedwa mu 2021 limapatsa bambo masabata awiri kamodzi pa zaka zitatu, koma mayi limamupatsa masabata 8 okha, choncho palibe woseka mnzake. Masiku 7 odwazika aja ndi a wantchito aliyense, osati akazi okha. Koma mwamuna wopempha kwa bwana kuti akagone ndi mwana kuchipatala amayang'anidwa modabwa, ndipo wobereka mwana kumsana kupita naye kusikelo anzake a pa bawo amati anadyetsedwa kondaine. Mkwatibwi amakhala pansi masiku angapo kulangizidwa za kusamala nyumba ndi mwamuna; mkwati amauzidwa zochepa, ndipo kusintha thewera sikukhalapo pa zochepazo. Lipoti la ILO la 2018 linati padziko lonse akazi amagwira magawo atatu mwa anayi a ntchito yosalipidwa ya pakhomo, maola 4 ndi mphindi 25 pa tsiku pamene amuna ola limodzi ndi mphindi 23. Amenewo ndi masamu ophatikiza ndi mayiko okhala ndi madzi a m'mipope ndi makina ochapira. Kumene madzi amasenzedwa pamutu munthu angadziwerengere yekha.

Wina anena kuti malo olerera ana ndi za m'tauni, za anthu a ndalama. Umboni ukukana, ndipo suchokera ku Ulaya. M'chigawo cha Gaza ku Mozambique, bungwe la Save the Children linatsegula masukulu a ana aang'ono m'midzi kuyambira 2008, ndipo akatswiri a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse atayeza zotsatira anapeza kuti olera ana aja anayamba kugwira ntchito mochuluka ndi 26 peresenti, pamene akulu awo a anawo anayamba kupezeka kusukulu mochuluka ndi 6 peresenti. Mtengo wake sunafike madola atatu pa mwana pa mwezi. Ku Korogocho, komboni ya mu Nairobi, amayi opatsidwa makuponi olipirira malo osungira ana anapeza ntchito mochuluka ndi 17 peresenti kuposa anzawo. Ku Malawi kuli masukulu a mkombaphala ambirimbiri m'midzi, ngakhale kuti chilema chake n'chodziwika: alezi ambiri ndi ongodzipereka, ndiye kuti ndi akazi omwewo akugwiranso ulere. Ku Katete komweko UNICEF ndi boma anayambitsa malo otchedwa Insaka, kumene makolo ndi ana aang'ono amakumana pa za kadyedwe ndi masewera. Nzeru zilipo pafupi.

Ndalamanso zilipo. Thumba la chitukuko cha madera a aphungu (CDF) linali K1.6 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2021. Linakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022 ndi K36.1 miliyoni mu 2025. Madera onse amalandira mofanana, choncho Vubwi, yokhala ndi anthu ongopitirira 50,000, ili ndi gawo lalikulu pa munthu aliyense kuposa dera lothithikana ngati Kanyama ku Lusaka. Ndalamazi zagula madesiki, zamanga makalasi ndi zipinda zochiriramo amayi pa zipatala zazing'ono. Zonsezo n'zabwino. Koma n'zodabwitsa kumanga malo obadwiramo mwana n'kuiwala kumene akhale mayi ake akabwerera kuntchito. Chipinda chimodzi chaukhondo pambali pa sukulu, pa chipatala kapena pa msika, chokhala ndi madzi, mphasa ndi khitchini ya phala, sichingadule kuposa kalasi limodzi. Atsikana omaliza Giredi 12 angaphunzitsidwe kulera ana ndi ndalama za CDF zomwe zija zolipirira maphunziro a ntchito zamanja. Chofunika n'chakuti alipidwe: a pa malipiro apereke ndalama mwezi ndi mwezi, alimi asonkhe chimanga, soya ndi mtedza pokolola, khonsolo iwonjezere chotsala.

Chifukwa chimene zoterezi sizifika pa ndandanda sichovuta kuchiona. Mapulojekiti a CDF amayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, ndipo pamisonkhano yotere amafika ndi amene ali ndi womusiyira mwana. Mlatho ndi msewu zimapeza owalankhulira ambiri. Khanda la miyezi isanu ndi mlezi wake wa zaka 12 alibe nthumwi. Makhansala a ku Vubwi angayambe ndi chinthu chosafuna ngwee: apemphe mahedi a masukulu a m'mawodi awo kuti atsegule kaundula, awerenge atsikana amene akukhala kwa achibale, ndi masiku amene aliyense anajomba teremu yatha, kenako awerenge manambalawo mokweza pa msonkhano wosankha mapulojekiti a chaka chamawa.