Mwachitidwa opareshoni? Gwirani singano, khasu liyambe ladikira

Kuno ku Mchinji munthu akatuluka m'chipatala atachitidwa opareshoni, achibale amamumvera chisoni sabata imodzi basi. Sabata yachiwiri mafunso amayamba: "Kodi simunachirebe?" Ikakhala nyengo yokumba mtedza ndiye zimanyanya, aliyense wokhala pakhonde amaoneka mlesi. Chonsecho achipatala amalangiza kuti munthu amene wang'ambidwa pamimba, monga mayi wobereka kudzera pa opareshoni, asanyamule zolemera kwa masabata pafupifupi 6. Ndowa ya malita 20 ikadzaza, ndi makilogalamu 20 amenewo. Khungu limatseka msanga, koma minofu ya mkati imatenga nthawi, ndipo bala likatseguka, ena amakathera ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ulendo woposa makilomita 100.

Nanga masabata onsewo munthu azitani? Ambirife timathawira pafoni. TikTok m'mawa, Facebook masana, bandulo yatha, mtima sunakhazikikebe, ukungoona anzako akuyenda iwe uli gone.

Ine atandichotsa apendikisi ndinapempha singano, ulusi ndi zidutswa za chitenje kwa telala wina wa pa boma. Ndinayamba ndi mabatani, kenako kupinda thalauzi, kenako kuika zigamba. Mizere yoyamba inali yokhotakhota ngati njira ya mbuzi, koma pofika sabata yachitatu ndinali nditasoka kathumba ka foni. Foniyo inasanduka mphunzitsi: kanema mmodzi wa pa YouTube ndinkamukopera kamodzi n'kumamubwereza tsiku lonse popanda data. Chimene chinandithandiza kwambiri n'chakuti dzuwa likamalowa ndinkakhala ndi kanthu kogwirika m'manja, ndipo apakhomo anasiya kundiwerengera masiku.

Anyamata, ndikudziwa mukuti zosoka pamanja n'za atsikana. Tapitani pa Kamwendo kapena pa Mkanda muwerenge amene akupalasa makina m'makonde a sitolo. Ambiri ndi abambo, ndipo akudyetsa nawo mabanja. Singano ndi yomweyo. Zitenje nazo sizisowa kuno, Chipata ali pafupi, kungodutsa pa Mwami.

Makina opalasa ndi miyendo aja asiyeni kaye mpaka adokotala atakulolani. Komanso musakhale chowerama tsiku lonse: tsamirani khoma, sokani pang'ono, dzukani muyendeyende pabwalo kuti magazi asaundane m'miyendo. Bala likayamba kutupa, kutuluka mafinya kapena thupi kutentha, ikani singano pansi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.