Mlipireni Mayi Wophika Keke

Pa Boma la Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, pali mayi wamasiye wodziwa kuphika keke, amene dzina lake sitidzalitchula. Uvuni wa magetsi alibe. Ali ndi mbaula, mphika waukulu wothira mchenga pansi, ndi chivundikiro cha chitsulo chimene asanjikapo makala a moto. Tsiku lina akomiti a ukwati anamuuza kuti aphike keke yosanjikiza patatu. Iye anagula ufa wa tirigu, shuga, mazira ndi majarini ndi ndalama zake, nachezera usiku wonse pamoto. Keke inadulidwa, nthungululu zinamveka, anthu anadya osasiyako ndi nyenyeswa zomwe. Koma m'mene mayiyo anapita kukapempha malipiro ake, mmodzi wa akomiti, munthu wophunzira ndithu, anamyankha nati, "Mayi, inu mulibe layisensi ya bekare. Mungatilipiritse bwanji? Tidzangokubwezerani za ufa."

Abale, ife tinena mosabisa kuti mawu amenewa ndi kuba kovala malaya a lamulo. Nkhani ya layisensi ili pakati pa wamalonda ndi khonsolo, koma ngongole ili pakati pa wogula ndi wogulitsa. Munthu amene mtima wake uvutikadi ndi lamulo akanafunsa za chiphasocho moto usanasonkhedwe. Iye anayamba wadya, nakumbukira lamulo mimba itakhuta. Akale anati walira mvula walira matope; chotero wofuna keke pa ukwati wa mwana wake afunenso mtengo wake.

Taganizani za mtengowo. Tirigu amene alimidwa m'dziko muno, monga ku Tsangano ndi ku Neno, ndi wochepa, ndipo wochuluka achokera kunja, wogulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo ufa, mafuta ndi majarini zinakwera pamodzi. Pakati pa zaka zimenezi, mu March 2023, namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba kuno ku Phalombe. Ife aphunzitsi tidziwa kumene makope ndi mayunifolomu a ana ambiri achokera. Achokera m'beseni la mandasi, la zitumbuwa ndi la chigumu. Wommana mayi wotere malipiro ake wachotsa cholembera m'dzanja la mwana.

Kapena wina adzati, "Nanga thanzi la anthu? Kodi aliyense angophika ndi kugulitsa monga afuna?" Funso ili ndi lolungama, ndipo sitilipeputsa. Kolera imene inabuka mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Malamulo aliponso: la zaumoyo la 1948, la ziphaso za malonda la 2012, ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards limene linakhazikitsidwa mu 1972 kuti liyese ubwino wa zinthu zogulitsidwa. Sitiphunzitsa munthu kunyoza zimenezi. Koma kolera iyenda m'madzi oipa ndi m'manja osasamba, ndipo pepala lopachikidwa pakhoma silisambitsa munthu m'manja. Moto wophika keke upha tizilombo ta matenda. Choopsa chidza pambuyo pake, ndicho ntchentche, fumbi, madzi a pachithaphwi otsukira ziwiya, ndi dzira laliwisi m'zopaka pamwamba. Palinso chuku cha m'mtedza ndi m'chimanga chosauma bwino, chimene poizoni wake moto wa mbaula suutha. Zonsezi zifuna diso la mlangizi wa zaumoyo lofika kukhitchini.

Tsono cholakwa chili pa muyeso. Sikuyenera kuyesa mayi wa mphika umodzi ndi muyeso wa fakitale ya buledi ya ku Limbe. Maiko ena anaona ichi kale. Ku England wophika kunyumba alembetsa kukhonsolo masiku 28 asanayambe malonda, osalipira kanthu, ndipo oyang'anira adza kudzaona khitchini yake. Ku California, m'dziko la America, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2013 lilola anthu kugulitsa buledi, mabisiketi ndi makeke osafulumira kuwonongeka ophikidwa kunyumba. Kwathu kuno lamulo la maboma aang'ono la 1998, chaka chomwecho chimene Phalombe inapatuka ku Mulanje, lipatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo. Chifukwa chake tipempha makhansala athu ndi mafumu kuti akonze kaundula wa ophika kunyumba, wa mtengo umene mayi wa beseni limodzi angathe, ndi kuti alangizi a zaumoyo, amene ayenda kale m'midzi yathu, aziona madzi, chimbudzi ndi posungira ufa. Pamenepo wodya adzatetezedwa, ndipo wonyenga adzasowa pobisala.

Kwa inu amayi ophika tinena izi. Musamathawe wodula tikiti pamsika, pakuti wothawa aoneka ngati wolakwa. Pitani kukhonsolo mukafunse chimene chifunika pa malonda a msinkhu wanu. Vundikirani zophika zanu, sambani m'manja ndi sopo, ndipo mafuta akada muwataye. Koposa zonse, musasonkhe moto musanalandire theka la mtengo. Lembani pangano m'kope, ndi ntchito yanu ndi makala omwe, pamaso pa mboni. Ndipo ndalama ikadzera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, sungani uthengawo. Ichi si chipongwe kwa mbale, koma njira yosungira ubale.

Ndipo inu akulu a mpingo ndi akomiti a maukwati, lekani chizolowezi chonena kuti, "Ameneyu ndi mlongo wathu, adzatithandiza." Mphatso ichokera kwa mwini wake mwaufulu, yolandidwa ndi manyazi si mphatso ayi. Wamatenti mumlipira, wazokuzira mawu mumlipira, wagalimoto mumlipira asanalize injini. Chifukwa ninji wamasiye yekha ayembekeze? Ngongole ya keke ija ikadalipo kufikira lero, ndipo amene anaidya adzidziwa okha. Apite akamlipire mwezi uno usanathe.