Tikwere phiri la Zomba lisanayere mbee

Zaka ziwiri zathunthu ndidakhala m'munsi mwa phiri la Zomba ndili pa Chanco, ndisanasiyire maphunziro panjira. M'mawa uliwonse ndikatuluka panja phiri lili poteropo, koma zokwera ayi. Ine ndi anzanga tinkangoti kumtundako n'kwa azungu ndi mabwana a magalimoto akuluakulu. Ndakwerako mwezi wathawu, imvi zitayamba kale kusuzumira, ndipo zimene ndakaona kumeneko ndi zimene zandigwiritsa cholembera lero.

Adayambitsa ndi mnzanga wina wogulitsa kaunjika mu Limbe. Atalandira chipereganyu adati, "Aise, ndalama iyi ikangogona m'nyumba ithera mabelo ndi zopepesa maliro. Tiyeni tikagone kuphiri." Tidamuseka poyamba. Inu a bizinesi mukudziwa kuti kutseka benchi Loweruka n'chimodzimodzi kutaya ndalama m'chimbudzi, poti ndilo tsiku la makasitomala. Komabe tidatengana anthu anayi, kukwera minibasi pa Limbe, ndipo maola awiri asanathe tidali tili mu Zomba tikunenerera galimoto yoti itikweze.

Abale, dziko lathuli ndi lokongola. Msewu umakhotakhota m'mbali mwa phiri, tauni n'kumacheperachepera pansi mpaka nyumba kuoneka ngati mabokosi a machesi. Anyamata amakuthamangirani ndi timbale ta masitiroberi ndi mabulosi. Mphepo yake ndi yoti ngakhale dzuwa liswe mtengo juzi savula. Tidaima pa damu la Mulunguzi, tidapita pa mathithi a Williams, kenako tidafika pamalo otchedwa Emperor's View, pomwe mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, idaimapo mu 1965. Chapafupi pomwepo pali Queen's View, dzina lokumbukira amayi ake a Mfumukazi Elizabeth amene adabwera mu 1957. Ukaima pamenepo kunja kutayera umaona nyanja ya Chilwa, ndipo chakutali phiri la Mulanje lili ngati mtambo. Mnzanga wa kaunjika uja, munthu wolongolola ngati wailesi, adangoti kukamwa yasa. Tsono taganizani, mafumu akunja adawoloka nyanja kudzaima pamwala umenewu, ife obadwira konkuno tikumvera m'mabuku a sitandade 6.

Tidagona pa loji ina yaing'ono, dzina sinditchula. Malo aukhondo, moto wa nkhuni pabalaza, antchito aulemu. Koma pepala la mitengo lidali m'madola. Mtsikana wa pakauntala adachita kutenga kakyuleta kuti atiuze m'makwacha, ndipo chimene chidatuluka chidaposa lendi ya mwezi wonse ya kanyumba kanga ku Ndirande. Tidathithikana anayi m'chipinda cha anthu awiri. M'buku la alendo ndidawerenga masamba angapo: Germany, Holland, Scotland, mabungwe awa ndi awa. Maina a kwathu kuno adali owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo adabwera ku semina, kutanthauza kuti adalipira ndi ena.

Eni malojiwa ali ndi mbali yawo, sindikana. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo munthu amene amagula mafuta a jenereta ndi zipangizo zakunja sangakonde kuwerengera m'ndalama yosungunuka ngati mchere. Koma usiku umene tidagonawo zipinda zambiri zidali zopanda anthu. Chipinda chogona mphepo chimabweretsa chiyani? Wogulitsa tomato aliyense pa msika wa Limbe amadziwa kuti dzuwa likapendeka umatsitsa mtengo kusiyana n'kubwerera nazo kunyumba zikaole. Bwanji osaika mtengo wa eni dziko, wolembedwa m'makwacha, makamaka miyezi imene alendo akunja sabwera? Malo osungirako nyama zakutchire a boma amalipiritsa kale Mmalawi mtengo wotsika kusiyana ndi mlendo. Chovuta n'chiyani kuti malojinso atero?

Koma za mitengo ya zipinda si zimene zidandisowetsa tulo. Ndi mitengo inayi, ya m'nkhalango.

Lamulungu m'mawa tidalawira kupita ku dzenje la Chingwe, kumene nthano imati makedzana ankaponyamo anthu. Mnyamata wotiperekeza ankatilozera: apa padali paini, apo padali paini. Ife timangoona zitsa, zina zakuda ndi moto. Mapiri athunthu ometedwa mpala. Uku ndi uku amuna akutsika ndi matabwa pamutu, amayi ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, thukuta lili kamukamu m'mphepo yozizira ija. Paini adadzalidwa kuti azidulidwa, zimenezo n'zoona. Koma mwambo wake ndi woti ukadula udzale, ndipo m'malo ambiri amene tidadutsa kudula kudachitika, kudzala kudaiwalika. Nkhwangwa yayamba kulowanso m'mitengo yachilengedwe ya m'makwawa.

Damu la Mulunguzi lija ndilo limamwetsa mzinda wa Zomba: chipatala chachikulu, ndende, asilikali a ku Cobbe, ophunzira a pa Chanco amene mukuwerenga tsamba linoli. Nkhalango ndiyo imagwira madzi a mvula kuti alowe pansi ndi kumatuluka pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Phiri likayera, madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula dothi, dothilo n'kukakhala m'damu. Mpopi ukadzauma mu Okutobala mudzatukwana a zamadzi, chonsecho mlandu udayambira kumtunda.

Ife a mu Blantyre sitifunikanso kuphunzitsidwa zimenezi. Mu March 2023 namondwe Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'tulo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa osapezekanso. Mvula idali yoopsa, inde, ndipo mwina phiri likadagumukabe. Koma Soche tidali titamuvula kalekale, n'kumanga nyumba mpaka m'khosi mwake. Madzi saiwala khwawa, adatero akuluakulu.

Tsono tisathamangire kuloza chala amayi a nkhuni aja. Mtolo umene amatsika nawo maola angapo sugula ngakhale chakudya chimodzi cha pa loji ija. Matabwawo amapita kuti? Amabwera kwa ife. Benchi imene mukugulitsirapo, mashelefu a mu hokala yanu, denga la nyumba ya lendi imene mukumanga ku Machinjiri. Makala amene mwaphikira nsima dzulo magetsi atazima adachokera m'phiri lina ngati lomweli. Inenso mbaula ndili nayo, sindikudziyeretsa. Lamulo la nkhalango lilipo kuyambira 1997, ndipo mu 2020 adalikhwimitsa, koma malole a matabwa ndi makala amadutsa pa marodibuloko masanasana. Ogwidwa amakhala wa njinga.

Ena anena kuti, "Iwe, anthu akugona ndi njala, ukutiuza zokagona kuphiri?" Funso labwino. Amene alibe ufa m'nyumba sindikulankhula naye. Ndikulankhula ndi iwe amene Loweruka lililonse umasiya ndalama ya thumba la chimanga pa bala ku Kamba, ndi inu amayi amene gulu lanu limasokhera yunifomu yatsopano pa chinkhoswe chilichonse. Ndipo kukwera phiri sikulira loji. Kuchokera mu tauni ya Zomba pali njira yapansi yotchedwa Potato Path, imene alimi a mbatata ankatsikira ndi katundu wawo. Ophunzira a pa Chanco, miyendo muli nayo. Tengani chinangwa chophika ndi botolo la madzi, mupatse kangachepe mnyamata wokuperekezani, mukaone nokha.

Chifukwa chake ndi ichi. Mnyamata amene adatiperekeza uja adatiuza kuti sabata imene kwabwera alendo iye sagwira nkhwangwa. Sabata imene kulibe, amapita kukasenza matabwa, poti ana sadya malo okongola. Mlendo wakunja amabwera nyengo yake, ndipo mliri wa Covid utatseka mabwalo a ndege mu 2020 tidaona mmene malo oterewa adaferatu. Ife tili pompano chaka chonse. Komanso phungu wa Nyumba ya Malamulo sangatekeseke ndi dandaulo la munthu wa ku Holland amene savota. Angatekeseke ndi la mavenda 200 a mu Limbe amene adaona zitsa zija ndi maso awo.

Potsika tidagula masitiroberi mbale zitatu, osanenerera. Mnzanga wa kaunjika uja wakauza kale gulu lake la chipereganyu kuti ulendo wina akwera onse khumi ndi awiri pa minibasi yahayala, ndipo akuti akalankhula yekha ndi mwini loji za mtengo wa m'makwacha. Ndikumudziwa bwino pa nkhani yonenerera. Mwini lojiyo ndamumvera chisoni.