Chimanga cha ku Angónia n'chotchipa m'Meyi, koma a ku Matundo amachilira mu Januwale

Magalimoto odzaza chimanga, nyemba, kachewere ndi kabichi amanyamuka ku Ulongwe, n'kutsika msewu wa ku Mussacama mpaka kukafika mumzinda wa Tete, ulendo wa makilomita oposa 200. Amene amadikira katunduyu kumsika wa Kwachena si a m'maofesi okha. Ambiri ndi a maganyu, oyendetsa njinga zamoto ndi amayi ogulitsa makala, omwe amagula ufa wongokwanira tsiku limenelo.

Kalembera wa 2007 anapeza anthu pafupifupi 155,000 mumzinda wa Tete. Wa 2017 anapeza oposa 300,000. Chinakoka anthu ndi malasha a ku Moatize, kumene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011 isanagulitse mgodiwo kwa Vulcan mu 2022. Koma mgodi sulemba aliyense ntchito. Ochuluka anangomanga nyumba m'madera monga Matundo ndi Chingodzi, munda atausiya kumudzi. Tete ndi kotentha, mvula ndi yochepa, ndipo madimba a m'chigwa cha Nhartanda sangadyetse mzinda wonse.

Ndiye njala ya m'tauni ndi ya mtundu wina. Ufa umakhalapo pamsika chaka chonse, chosowa ndi ndalama. Wakumudzi zikamuthina amathyola chisoso kapena kukumba mbatata, pamene wa m'tauni amalipira lendi, madzi, makala ndi chapa, kenako chotsalacho n'chimene chimapita kumphika. Komanso wogula pang'onopang'ono amalipira zambiri pa kilo kuposa wogula thumba lathunthu, choncho wosauka ndiye amagula modula. Boma limadziwa kumene zimenezi zimathera: mu Seputembala 2010 kukwera kwa mtengo wa buledi kunabutsa zipolowe ku Maputo, anthu anafa, ndipo boma linabweza mtengowo.

Mlimi wa kuno angati zimenezo n'za eni ake, mtengo ukakwera ku Tete ndiye phindu lake. Kalendala ikukana. Chimanga chimagulitsidwa kwambiri m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, aliyense akufuna ndalama yobwezera ngongole ya feteleza, ndipo mavenda amakhala atakhazika masikelo m'mbali mwa msewu. Mtengo umakhala pansi. Ukamadzakwera mu Disembala mpaka Febuluwale, chimangacho chimakhala chili m'nyumba zosungiramo katundu za amalonda. Ndalama yowonjezera imene mayi wa ku Matundo akulipira siifika ku Dómuè. Imatsalira kwa amene anali ndi galimoto, malo osungira ndi mphamvu yodikira. Choipa kwambiri, mabanja ena omwe anagulitsa m'Meyi amapezeka akugula chimanga chomwecho mu Januwale, pamzere umodzi ndi a m'tauni.

Amalondawo si afiti ayi. Mafuta amadula, anankafumbwe amawononga, ndipo popanda iwo kachewere akanawolera m'munda. Vuto n'lakuti mlimi amakumana nawo ali yekhayekha, alibe podikira.

Malire nawo amakoka kwawo. Kuchokera ku Ulongwe, Dedza ili pafupi kuposa Tete, ndipo chimanga chimadutsa pa Calómuè, pa Biri-Biri ndi m'tinjira tosawerengeka. Chilala cha El Niño chitawononga mbewu, Malawi inalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndipo ogula a kumeneko anafunika chimanga cha mbali ino. Thumba lililonse lopita ku Ntcheu ndi limene silinatsikire ku Tete. Ena amati ingotsekani malire. Kutero kumangogwetsa mtengo kwa mlimi, ndipo njinga zimadutsabe usiku. Ndiponso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri anaphunzira kufunsa kaye kuti alipidwa mu ndalama yanji.

Misewu itatsekedwa pa zionetsero zotsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, zinaoneka poyera kuti mizinda ilibe nkhokwe: magalimoto akaima masiku ochepa, mitengo imalumpha, uku kumunda zamasamba zikuwola.

Chimene chingathandize mbali zonse ziwiri ndi kusunga, ndipo kusungako kuchitike kuno, m'manja mwa alimi. Magulu a alimi atakhala ndi nyumba yosungira yabwino, matumba osalowa mpweya ndi kangongole kowathandiza kudikira mpaka Okutobala, akhoza kugulitsa pamtengo wabwinoko, ndipo chimanga chingamafike ku Tete pang'onopang'ono m'malo mosefukira mwezi umodzi n'kusowa mwezi wina. Bungwe la Instituto de Cereais de Moçambique, ICM, ntchito yake ndi yoyang'anira malonda a mbewu ndi kugula pamene ogula asowa. Alimi a ku Angónia ali ndi ufulu wolifunsa, kukolola kusanayambe, kuti chaka chino lidzagula kuti, liti komanso pamtengo wanji.